TCHENI CHA NJINGA: KATSUKIDWE NDI KATHIRIDWE KA MAFUTA

Mvula yatha, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo fodya ali pa ulendo wa kumsika. Nyengo ino ndiyo imene njinga ya mlimi igwira ntchito yaikulu koposa, pakuti lero isenza thumba la chimanga la makilogalamu 50, mawa ipita kuchigayo, mkuja itenga wodwala kunka naye kuchipatala. Koma ndiyonso nyengo ya fumbi, ndipo fumbi ndi mdani wamkulu wa tcheni. Taona alimi ambiri amene apukuta chishalo ndi handulo mpaka kung'anima, pamene tcheni chili bii, chikulira ngati njenjete. Tcheni chotero chikhoza kuduka munthu ataimirira pamapedulo pachitunda, iye navulala, katundu nagwera m'ngalande.

Tcheni cha mtundu umene tigwiritsa ntchito chinakonzedwa ndi Hans Renold ku Manchester m'chaka cha 1880, ndipo m'chaka cha 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya Rover, yoyendetsa gudumu lakumbuyo ndi tcheni monga zathuzi. Mukachiyang'anitsa mudzaona kuti mfundo iliyonse ili ndi msomali waung'ono, ndipo pamsomalipo pali kachitsulo kobulungira kamene kazungulira. Mafuta afunika m'kati mwa mfundomo, osati kunja ai. Fumbi likasanganikirana ndi mafuta akale lisanduka phala lokhala ngati mchenga wonolera, ndipo lidya misomali ija pang'onopang'ono. Tsono tcheni chitalika, chiyamba kudumpha, nichiperesa mano a magiya onse awiri. Pamenepo mlimi agula zitsulo zitatu, pamene palafini wa m'kachitini akadamupulumutsa.

Zofunika nzochepa: palafini pang'ono, chitini chotambalala, mswachi wakale, nsanza ziwiri, pulayazi ndi sipanala. Petulo musamgwiritse ntchito konse, chifukwa agwira moto msanga.

Imikani njinga chadodolido pachiguduli, pamalo osesa bwino, kuti kachitsulo kakagwa kaoneke. Ngati njinga yanu ili ndi chophimba cha tcheni, monga za Raleigh ndi Humber zambiri zakale, muchotse chimenecho poyamba. Zungulitsani pedulo kufikira mutapeza mfundo yolumikizira, imene isiyana ndi zinzake pokhala ndi kapini konga mphanda. Kankhani kapiniko ndi pulayazi, ndipo kasungeni m'kabokosi ka machesi, pakuti kakalowa m'dothi simudzakaonanso. Viikani tcheni m'palafini, chigwedezeni, nimukweche mfundo imodziimodzi ndi mswachi. Wophunzira kumene, amene aopa kumasula, akhoza kutsuka tcheni chili panjinga pomwepo, akuzungulitsa pedulo chobwerera m'mbuyo. Sichiyera kwenikweni, koma kuposa kuchileka.

Tcheni chili m'chitini, tsukani mano a giya yaikulu ya kumapedulo ndi yaing'ono yakumbuyo. Litsiro louma pakati pa mano lichoka bwino ndi kamtengo kosongola. Kenaka pachikani tcheni pamsomali kuti chiume. Apa ndipo ambiri alakwa, chifukwa afulumira kuthira mafuta palafini akadali m'kati, ndipo palafiniyo asungunula mafuta atsopanowo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Chilekeni usiku wonse ngati nkotheka.

Pobwezera, kapini kaja kali ndi mbali yotseka ndi mbali yotseguka. Mbali yotseka iyang'ane kumene tcheni chilowera pamene mukupalasa. Mukakaika chozondoka, kakhoza kukodwa ndi kufwamphuka panjira.

Tsopano za mafuta. Abwino ndi oyilo wa injini watsopano, kapena mafuta ogulitsidwira njinga. Thirani dontho limodzi pa mfundo iliyonse, kumbali ya m'kati imene ikhudza mano, zungulitsani pedulo kangapo, ndipo pukutani zonse zakunja ndi nsanza youma. Tcheni chothiridwa bwino chioneka ngati chouma. Mafuta ophikira ife sitiwavomereza: auma nakhala ngati ulimbo, ndipo malo ake ndi m'ndiwo. Oyilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto tidziwa kuti apezeka mosavuta, koma ali kale ndi zinyenyeswa za chitsulo, ndiye tinena kuti aposa tcheni chouma basi. Girisi salowa m'mfundo, angokola fumbi pamwamba. Giya yakumbuyo, ija ilira kuti tetete mukaleka kupalasa, ifunanso madontho awiri kapena atatu pampata wake, njinga itapendekeka. Chenjerani kuti mafuta asafike pa limu, pa mabuleki kapena pa tayala.

Inu alimi a fodya, mvetsetsani ichi. Tsamba la fodya litenga fungo msanga, ndipo fodya wonunkha palafini kapena wodontheredwa oyilo atsika mtengo, mwinanso abwezedwa kumsika. Ntchito iyi muichitire kutali ndi chigafa ndi moto wofukizira fodya, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanayambe kusankha masamba. Palafini wotsala musamtayire pafupi ndi chitsime kapena m'dimba. Muthireni m'botolo lolembedwa, litsiro lidikhe pansi, ndipo adzagwiranso ntchito. Koma botololo likhale pamwamba posafika ana, pakuti ana amwa palafini poyesa madzi.

Mukatha, yesani kulimba kwa tcheni pakati pa magiya awiriwo. Chiyenera kusewera monga theka la inchi, kukwera ndi kutsika. Chikalendewera, masulani manati a gudumu lakumbuyo, likokereni m'mbuyo pang'ono, nimuone kuti lili pakatikati musanamange. Yesaninso ndi rula ngati chatha. Misomali ya tcheni chatsopano italikirana theka la inchi, kotero mukaika chiyambi cha rula pakati pa msomali umodzi, chizindikiro cha mainchi 12 chigwera pakati pa msomali wina. Msomaliwo ukapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, gulani tcheni china magiya akadali abwino. Ukapitirira ndi mamilimita 3, yang'ananinso mano a giya yakumbuyo, chifukwa akasongoka ngati minga, tcheni chatsopano chidzadumpha pamenepo.