Kakhadi Kodzitchula Dzina

Ana inu a ku Petauke ndi ku Nyimba, pamodzi ndi aphunzitsi anu, ngati pasukulu panu pali laputopu yakale, iyang'aneni m'mbali mwake. Mwina mudzaona kakhomo kopyapyala kotalika ngati chala. M'menemo munkalowa kakhadi kotchedwa PC Card.

Kale laputopu zinali zosowa zambiri. Munthu akafuna kulumikiza yake ku waya wa telefoni kapena ku makompyuta ena, sankaimasula ayi. Ankangogula kakhadi kodziwa ntchitoyo n'kukalowetsa. Kuti makhadi a makampani osiyanasiyana azikwana pakhomo limodzi, m'chaka cha 1989 makampaniwo anakhazikitsa bungwe la PCMCIA. Anagwirizana kuti kakhadi kazikhala ka mamilimita 85.6 m'litali ndi 54 m'lifupi, monga khadi la kubanki, ndiponso kuti kumutu kwake kuzikhala timabowo 68.

Tsono tcherani khutu, pakuti luso lagona apa. M'kati mwa kakhomo muja muli timapini 68, koma sitofanana kutalika. Totalika kwambiri ndi ta magetsi, ndipo ndito timayamba kukhudza kakhadi. Tatifupi kwambiri timakhudza pomalizira, n'kuuza kompyuta kuti kakhadi kakhazikika. N'chifukwa chake munthu ankatha kukalowetsa kompyuta ili chiyakire.

Mlendo akafika pamudzi amanena "Odi", nafotokoza dzina lake ndi chimene wadzera. Kakhadi nakonso kali ndi mawu olembedwa m'kati mwake otchula amene anakapanga, ntchito yake ndi magetsi amene kamafuna. Kompyuta imawerenga mawuwo, kenaka imafunafuna kapulogalamu kotchedwa dalaivala, kamene kali ngati womasulira pakati pa awiriwa. Dalaivala akasowa, kakhadi kamangokhala duu, ngakhale kali kabwinobwino. Aphunzitsi, musafulumire kukataya.

Kakakana kulowa, musakakakamize. Makhadi ena amafuna mavoti 5, ena 3.3, ndipo m'mbali mwake anawasema mosiyana dala kuti kakhadi ka 3.3 kasalowe pakhomo la mavoti 5. Mukakankha ndi mphamvu mudzapinda timapini, ndipo kutiwongola n'kovuta zedi.

M'chaka cha 2003 kunabwera mtundu wina, ExpressCard, koma nawonso sunakhalitse. Masiku ano ntchito zimenezi zimachitika kudzera pa kakhomo ka USB, ndipo kachipangizo kalikonse kolowa pamenepo kamayambabe ndi kudzitchula dzina.