Tiasilikali Topaka Utoto: Kodi Ndi Mafano?

Makolo a kwathu amene akulera ana ku Britain nthaŵi zina amadabwa kuona mnyamata wao ataŵerama patebulo madzulo onse, kaburashi kali m'dzanja, akupaka utoto kachidole kosaposa chala chaching'ono. Akasendera pafupi amapeza kuti kanthuko kali ndi lupanga, mwina nyanga, mwinanso mano otuluka kunja. Pamenepo mtima wa kholo lachikhristu umagunda, ndipo limafunsa ngati m'nyumba simunaloŵe mafano.

Kuseŵera nkhondo ndi tiasilikali n'kwakale ndithu. M'chaka cha 1913 mlembi wa ku England, H. G. Wells, anasindikiza buku la malamulo a maseŵerawa lotchedwa Little Wars. Kampani ya Games Workshop inayamba ku London mu 1975, ndipo mu 1983 inatulutsa maseŵera a Warhammer, m'mene ankhondo a m'nthano amalimbana ndi zimphona ndi zinjoka. Anthu aŵiri amandandalika magulu ao patebulo, kuyesa mtunda ndi tepi, ndi kuponya madayisi kuti adziŵe amene wagonja. Sabetcherana ndalama.

Koma ambiri amathera nthaŵi yaikulu pa kupaka kusiyana ndi kuseŵera. Kachidole kamabwera kotuŵa, m'zidutswa za pulasitiki zofunika kudula ndi kumata. Kamsilikali wamba kamatalika mamilimita 28 kapena kupitirira pang'ono. Wopaka amayamba ndi utoto wapansi, wakuda kapena woyera, kuti mitundu ina igwire. Kenaka amasungunula utoto ndi madzi napaka mopyapyala kaŵiri kapena katatu, pakuti akathira wambiri nthaŵi imodzi, nkhope yonse imakwiririka. Zikauma amadonthezera utoto wakuda wamadzimadzi umene umatsikira m'makwinya a chovala ndi kuonetsa mithunzi. Pomaliza amapukuta burashi mpaka itatsala pang'ono kuuma, naidutsitsa pamwamba kuti m'mphepete mwa chishango muŵale. Diso la kamunthuko n'lochepa kuposa njere ya maŵere. Amene akulipaka amayamba wagwira mpweya. Ife amene tinaumbako ng'ombe zadothi kudambo, ndi kukangana za nyanga ndi linunda, sitingaitche ntchito imeneyi yachibwana.

Nanga za mafano? Lamulo lachiŵiri limaletsa kupanga chifaniziro kuti tichigwadire ndi kuchitumikira. Buku lomwelo la Eksodo, pa mutu 31, limatiuza za Bezaleli amene Mulungu anampatsa luso la kusema ndi kusula. Mwana amene akupaka kachidole sakukapembedza. Amadziŵa kuti anakagula m'sitolo, ndipo kakagwa pansi amakamata ndi guluu. M'zaka za m'ma 1980 mipingo ina ya ku America inachita mantha aakulu ndi maseŵera ofananako a Dungeons & Dragons, niwanena kuti ndi khomo la ufiti. Komatu zambiri za m'maiko a nthanoŵa zinatengedwa m'mabuku a J. R. R. Tolkien, Mkatolika wolimbika amene anathandiza C. S. Lewis kubwerera ku chikhulupiriro mu 1931.

Tisabise, magulu ena m'maseŵerawa ndi a ziŵanda zenizeni m'nthano zake, ndipo maonekedwe ake ndi onyansa. Sitikuona chifukwa chakuti mwana wamng'ono akhale masabata akuyang'anitsitsa zotere, pamene magulu ena alipo, a apakavalo ndi oponya mivi. Apa kholo liri ndi mau, ndipo mauwo adzamveka bwino likayamba lakhala pambali pa mwanayo ndi kufunsa kuti uyu ndani, nanga uyo akumenyera chiyani.

Chimene chikutidetsa nkhaŵa koposa ndi thumba. Zinthuzi n'zokwera mtengo, ndipo ochita maseŵerawa amasekana okha chifukwa cha milu ya mabokosi ogulidwa koma osapakidwa. Mnyamata asagule bokosi lina asanamalize loyamba. Mipikisano yambiri imagwa Loŵeruka ndi Lamulungu, choncho nkhani ya Sabata ikambidwe asanalembetse dzina. Ndipo ngati wapatsidwa tizidole takale tachitsulo, tambiri ta zaka za m'ma 1980 tinali ndi mtovu, umene ndi poizoni: asambe m'manja akatha kutipala, ndipo ang'ono ake okwaŵa asatifikire.