Thanki ya gasi ikakana kumwa

Kuno ku Britain, dzuwa likangoyamba kuoneka, galaja yomwe ndimagwirako ntchito imadzaza ndi galimoto zogonamo, zija amati campervan: bedi kumbuyo, kafiliji ndi kambaula zodalira gasi wa propane. Dandaulo lomwe latopetsa makutu anga ndi lakuti, "Ndafika pa pampu, ndadina batani, manambala sakuyenda." Mwini galimoto amabwera atagamula kale mlandu: valavu yafa, musinthe. Ine sindithamangira sipanala, chifukwa kawirikawiri thanki yokana kumwa imakhala ili bwinobwino.

Gasi ameneyu amalowa m'thanki ali wamadzimadzi. Propane amawira pa -42°C, ndiye chomwe chimamusunga wamadzi ndi kupanikizika kwa m'thankimo. Akatenthedwa amafufuma kwambiri, n'chifukwa chake thanki imaloledwa kumwa 80 peresenti yokha, mbali yotsalayo ikhale malo ofufumira. Mkati muli kachoyandama konga kaja ka m'thanki ya chimbudzi chamadzi: gasi akafika pamlingo, kamakwera n'kutseka khomo, pampu n'kuima. Galimoto ikaima mopendekeka, makamaka ya thanki yogona kunsi, kamatha kutseka nthawi isanakwane.

"Koma geji ikuti theka!" amatero. Geji za matankiwa ndimazikhulupirira pang'ono. Singano imatha kukakamira pamodzi miyezi. Silinda ya makilogalamu 11 ikakhala yopanda kanthu imamwa malita pafupifupi 21, choncho ikamwa malita atatu n'kukana, yambani mwaganiza kuti inali yokhuta kale. Kuti mutsimikize, thirani madzi ofunda m'mbali mwa silindayo, kenaka muyendetse chikhatho kuchokera pamwamba kutsika pansi. Kumwamba chitsulo chimakhala chofunda. Pomwe chayambira kuzizira ndi pomwe gasi walekezera.

Dzuwa nalonso limasokoneza. Pampu imalowetsa gasi pokhapokha mphamvu yake ikaposa ya m'thanki. Galimoto yaotha dzuwa tsiku lonse, thanki yatentha, mphamvu mkati yakwera, pampu yofooka ingolira osakankha kanthu. Mudzapite m'mamawa kukadali kozizira. Thanki yatsopano ili ndi vuto lofananako: mumakhala mpweya wamba, umene susanduka madzi ngakhale muupanikize, umangolimbana ndi pampu. Kuutulutsa ndi ntchito ya munthu wophunzira za gasi, ndipo imachitikira panja. Propane ndi wolemera kuposa mpweya, sauluka. Amatsetsereka pansi n'kukakhala m'ngalande kapena m'dzenje la galaja, kudikira wosuta fodya.

Kenaka pali nkhani ya milomo ya mapampu, yomwe azungu sanagwirizanebe mpaka lero. Britain ndi Netherlands ali ndi mlomo wotchedwa bayonet, France ndi Italy ali ndi dish, Germany ndi Belgium ACME, pomwe ku Spain mukapeza Euronozzle. Woyenda maiko amenewa amanyamula tizitsulo tolumikizira, ndipo kalikonse kali ndi kamphira kakang'ono kozungulira. Kamphirako kakang'ambika mumamva kuti tsiii, polumikizira payera ngati pathiridwa ufa, fungo ngati la kabichi wowola lakuzungulirani. Musagwirepo ndi manja. Gasi wamadzi amawotcha khungu ndi kuzizira, magolovesi si manyado ayi. Batani la pampu nalo limafuna kulidina osalisiya mpaka kumaliza, ndipo moto wa filiji ndi wa chotenthetsera uzikhala utazimitsidwa musanalowe pa siteshoni.

Pali ena omwe amakanizidwa ndi wogulitsa, osati ndi thanki, ndipo awa sindiwamvera chisoni. Masilinda osinthanitsa, monga a kampani ya Calor, alibe kachoyandama kaja. Amadzazidwa ku fakitale poyeza kulemera. Wina amagula kachitsulo pa intaneti kuti azidzaza yekha pa pampu, popanda chilichonse chomuuza kuti basi pakwana. Ku America anatseka mpata umenewu kalekale: kuyambira 2002 masilinda ang'onoang'ono sadzazidwa ngati alibe valavu yoletsa kusefukira yotchedwa OPD, yomwe imadziwika ndi chotsegulira cha ngodya zitatu.

Nthawi zina thanki imamwa bwino, koma pofika pophika moto uli lobilobi. Apa mwina mwatsegula valavu mwaphuma, ndiye kavalavu koteteza kaganiza kuti payipi yaphulika n'kuchepetsa gasi. Tsekani zonse, dikirani mphindi zingapo, mutsegulenso pang'onopang'ono. M'nyengo yachisanu funsaninso komwe munamwetsa: kum'mwera kwa Ulaya gasi wa pa pampu amasakaniza ndi butane wambiri, yemwe amaleka kusanduka nthunzi kukazizira kufika cha pa 0°C.

Galimoto yomwe ndimaitengera sipanala mosazengereza ndi ya thanki yosakana. Silinda ya malita 21 ikapitirira, manambala n'kumathamangabe kunka ku 23, kachoyandama kafa. Siyani batani pomwepo, musayatse mbaula chifukwa gasi wamadzi atha kufika m'mapayipi, imikani galimoto pamthunzi kutali ndi moto, muitane wodziwa za gasi adzachepetse ndi kusintha valavuyo.