Thumba la ufa ndi msewu wa Pamir

Amene anakulira pakhomo poti thumba la ufa liyenera kufika tsiku la malipiro akudziwa mmene amayi amachitira. Sadikira kuti mbale igunde pansi pa thumba. Amalitukula pang'ono, kulipima ndi dzanja, n'kuwerenga masiku otsala. Akaona kuti sizikugwirizana, nsima ya masana imasanduka phala lero lomwe, njala isanalowe m'nyumba. Ulendo wautali wa panjinga m'dziko la eni umayendera nzeru yomweyi. Miyendo imazolowera yokha pakapita masiku. Chimene chimabweza anthu ambiri panjira n'kusawerengetsera.

Tione msewu wa Pamir, umene pamapu umalembedwa M41. Umachokera ku Dushanbe, likulu la Tajikistan, n'kukathera ku Osh m'dziko la Kyrgyzstan, mtunda wopitirira makilomita 1,200. Chigawo chake cha m'mapiri anachilambula a boma la Soviet Union m'zaka za m'ma 1930. Pamalo otchedwa Ak-Baital msewuwu umakwera kufika mamita 4,655, pamene nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, imene timaitchula mwaulemu, ili pa mamita 3,002. Ndiye kuti munthu amakhala akupalasa, katundu ali pakaliyala, kumwamba kwenikweni kuposa Sapitwa.

Thumba loyamba kulipima ndi la chakudya ndi madzi. Kuchoka m'tauni ya Murghab, kumene msika wake uli m'makontena achitsulo, kukafika pamudzi wa Karakul pali makilomita pafupifupi 130, ndipo Ak-Baital ali pakati pomwepo. Wanjinga yolemedwa amatenga masiku awiri kapena atatu, osaona golosale. Nyanja ya Karakul ukaiona patali mtima umatsika, koma madzi ake ndi amchere. Choncho pa Murghab munthu amakhala pansi n'kuwerenga: buledi wa masiku angati, mpunga makapu angati, mabotolo angati a madzi, mtsinje wotsatira uli pati. Kenako amawonjezerapo chakudya cha tsiku limodzi, cha mphepo. Mphepo ya kumeneko ikakuwomba kumaso, ulendo wa tsiku limodzi umasanduka wa masiku awiri, monga mlendo wofika mwadzidzidzi amasokonezera muyezo wa ufa.

Pali kanthu kena kamene amayi aliyense angakamvetse msanga. Pamwamba pa mamita 4,000 madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri pafupifupi 87 m'malo mwa 100. Poto amabwadamuka ndithu, koma mpunga uli gwa. Nyemba zouma ndiye osayerekeza, zingakuthere mafuta onse. N'chifukwa chake odziwa amanyamula zakudya zopsa msanga, komanso kasitovu koyaka ndi petulo, poti petulo amapezeka ngakhale m'midzi pamene timabotolo ta gasi timasowa. Nkhuni musaziganizire n'komwe. Kumeneko mitengo kulibe.

Thumba lachiwiri ndi la mapepala, ndipo ili ndi limene ine ndimaliopa kwambiri, chifukwa sungabwereke kwa aneba. Viza ili ndi masiku ake owerengeka, ndipo dera la mapirili, lotchedwa Gorno-Badakhshan, limafuna chilolezo chakechake chimene apolisi amachiona pamalodibuloko. Vuto n'lakuti thupi nalo lili ndi masiku ake. Madokotala amalangiza kuti ukapitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere ndi mamita oposa 500 pa tsiku, apo ayi mutu umawawa, mseru umabwera, ndipo kwa ena madzi amadzaza m'mapapo. Pepala likuti fulumira, thupi likuti dekha. Wanzeru amasiyiratu masiku opuma m'tauni ya Khorog asanayambe kukwera. Amafunsanso za malire asananyamuke, popeza chipata cha Kyzyl-Art cholowera ku Kyrgyzstan chinakhalapo chotseka dzikolo litamenyana ndi Tajikistan mu 2021 ndi 2022. Nyengo nayo ndi yaifupi: Juni mpaka Seputembala, kenako chipale chofewa.

Za ndalama n'zachidule. Tapani zokwanira ku Dushanbe kapena ku Khorog, muzigawe m'malo awiri kapena atatu, monga agogo amamangira ina pansonga ya chitenje ina n'kuika pansi pa mphasa.

Njinga yeniyeniyo? Apa ogulitsa makala ndi akabaza ali ndi zambiri zotiphunzitsa. Amadziwa kuti cholemera chimakhala pansi ndipo mbali ziwiri zilingane, kupanda kutero njinga imavina potsetsereka. Amadziwanso kuti chimayamba kuthyoka ndi sipoko ya kumbuyo. Woyenda ulendo wautali amanyamula masipoko angapo, machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu, timfundo ta tcheni ndi mabuleki apadera. Ambiri amasankha felemu yachitsulo, osati ya aluminiyamu, pa chifukwa chimodzi: ikathyoka, wowotcherera wa pamsika uliwonse angailumikize. Ine ndimaona kuti njinga yabwino pa ulendo wotere ndi imene mmisiri wa pansi pa mtengo angaikonze ndi sipanala zimene ali nazo, ngakhale ikhale yosaoneka bwino.

Ndipo zonsezi zimayambira pabwalo la ndege, njinga ili m'katoni: mapedulo atachotsedwa, handulo itapotozedwa, gudumu lakutsogolo litamangiriridwa pambali pa felemu. Makatoni otere amapemphedwa m'mashopu a njinga. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti katoni ija imatsala ku Dushanbe, pamene ndege yobwerera akaikwerera ku Osh kapena ku Bishkek, likulu la Kyrgyzstan. Kumenekonso pafunika masiku awiri oyendayenda m'misika kufunafuna katoni ina ndi tepi, ndipo masiku amenewo ayenera kuwerengedwa munthu akadali kwawo, asanagule tikiti.