Chitetezo cha atsikana a sekondale chiyambire kumene akugona

KASUNGU: Mtsikana wa m'dera la Mfumu Yaikulu Kapelula m'boma la Kasungu akasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, vuto loyamba limene amakumana nalo ndi mtunda. Zambiri mwa sukulu zoyenderazi, zomwe boma linakhazikitsa mu 1998, zilibe malo ogona ophunzira.

Pothawa mtundawu, makolo ena amachitira ana awo lendi tizipinda pafupi ndi sukulu. Kumeneko mwana wa Fomu 1 amadziphikira yekha, popanda matroni kapena wamkulu aliyense womuyang'anira. Ufa ukatha, mwini nyumba n'kuyamba kulonjerera ndalama yake, mwanayo amasowa mtengo wogwira. Vutoli limakula msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, pamene abambo ena amene agulitsa mabelo awo amanyengerera ana oterewa ndi sopo komanso ndalama ya ndiwo. Anyamata nawo amajomba kusukulu n'kumakagwira ganyu yosoka ndi kusankha fodya.

Malamulo oteteza ana alipo ndithu. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko lino kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Kuyambira mu 1993, mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha pathupi amaloledwa kubwerera akachira, ngakhale kuti ena amalephera kutero poopa kusekedwa.

Chimene chimachedwa ndi kugwiritsa ntchito malamulowa. Mlandu wogwirira mwana si wokambirana m'ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kapena wothetsa pabwalo la mfumu polipitsa mbuzi. Kungosamutsa mphunzitsi wolakwa ndi kupereka vutolo kwa ana a sukulu ina. Mlandu wotere umayenera kupita kupolisi, ku nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo mwana angathe kuimba mwaulere pa nambala ya 116.

Zina n'zotheka pasukulu pomwepo: zimbudzi za atsikana zokhala ndi zitseko, madzi, chipinda chosinthira pamene ali kumwezi, ndiponso mphunzitsi wachizimayi amene angamukhulupirire. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi akhozanso kulemba m'kaundula nyumba zonse zimene ophunzira akuchitamo lendi, n'kumaziyendera teremu iliyonse pamodzi ndi mafumu.