Boyila yatsopano pa mapaipi akale: ntchito yofuna kuyeza kaye

Mumzinda wa New York ku America, lamulo limakakamiza eni nyumba za lendi kutenthetsa nyumba zawo kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 31 Meyi. Masana, kunja kukazizira kutsika pa madigiri 13, m'nyumba muyenera kufunda osachepera madigiri 20.

M'nyumba zambiri zakale za ku New York, Boston ndi Chicago, ntchitoyi imagwiridwa ndi nthunzi yochokera mu boyila, chimphika chachitsulo chowiritsira madzi chofanana ndi zomwe kuno kwathu zimapezeka m'mafakitale a tiyi ndi shuga, ngakhale kuti cha m'nyumba n'chaching'ono. Boyila ikakalamba, mwini nyumba amayenera kugula ina, ndipo apa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama.

Boyila imakhala m'chipinda cha pansi pa nyumba. Moto wa gasi kapena mafuta umawiritsa madzi, ndipo madziwo akasanduka nthunzi amafufuma pafupifupi ka 1 700. Nthunziyo imakwera yokha m'mapaipi mpaka m'marediyeta, zitsulo zolemera zoikidwa m'zipinda. Ikazizira imasandukanso madzi n'kutsikira mu boyila muja popanda pampu. Mphamvu yokankhira nthunziyi ndi yochepa zedi: siyenera kuposa 2 psi, pomwe tayala la galimoto limapopedwa pafupifupi 30 psi.

Chizindikiro chakuti boyila yatha ndi ludzu lake. Chitsulo chikachita dzimbiri n'kubooka pamwamba pa mlingo wa madzi, nthunzi imathawira m'chumuni pansi osaoneka dontho. Mwini nyumba amangoona kuti akuthiramo madzi pafupipafupi, koma madzi atsopanowo amabwera ndi mpweya womwe umawonjezera dzimbiri.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Cholakwa chofala ndi kuwerenga manambala olembedwa pa boyila yakale n'kugula ina ya mphamvu yomweyo. Maboyila ambiri akale adali a malasha asadasinthidwe kuti azigwiritsa ntchito mafuta kapena gasi, ndipo ambiri adali aakulu mopitirira muyeso. Kuwonjezera apo, m'zaka zonsezi eni nyumba akhala akuchotsa marediyeta ena pokonza zipinda.

Kuyeza kukula kwa zipinda nakonso sikokwanira. Dan Holohan, yemwe adalemba buku lotchuka pakati pa amisiri lotchedwa The Lost Art of Steam Heating, wakhala akufotokoza kuti mliri wa chimfine wa mu 1918 utatha, amisiri ankaika marediyeta aakulu kwambiri kuti anthu azimva kufunda ngakhale mawindo ali chitsegulire, popeza ankakhulupirira kuti mpweya wakunja umateteza ku matenda. Boyila yatsopano iyenera kudzaza marediyeta amenewo ndi nthunzi. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayendera chipinda chilichonse, kuyeza msinkhu wa rediyeta ndi kuwerenga zigawo zake asadatchule mtengo.

Boyila ikakulitsa, imatulutsa nthunzi yambiri kuposa yomwe marediyeta angalandire, kotero imangoyaka ndi kuzima pakamphindi kalikonse, n'kumawononga mafuta. Ikachepa, zipinda zakutali zimakhala zozizira.

Mapaipi ozungulira boyila nawo ndi nkhani ina. Maboyila akale adali ndi malo aakulu mkati momwe nthunzi inkasiyanirana ndi madzi. Amakono ndi aang'ono, choncho ntchito yosiyanitsayo imagwiridwa ndi mapaipi oyamba otuluka pamwamba pake, omwe ayenera kukhala achitsulo, a kukula ndi msinkhu womwe kampani yopanga boyilayo idalamula. Mmisiri akachita chidule, nthunzi imanyamula madzi n'kumawamenyetsa m'makhota a mapaipi. Ili ndilo phokoso longa la hamala lomwe limadzutsa anthu usiku m'nyumba zotere.

Pali zinthu ziwiri zoteteza moyo zomwe siziyenera kusowa. Choyamba ndi kachipangizo kozimitsa moto madzi akachepa. Chachiwiri ndi kalumikizidwe ka mapaipi kotchedwa Hartford Loop, komwe kamaletsa madzi kuthawa onse mu boyila paipi yobwezera madzi ikabooka. Dzinali lidachokera ku kampani ya inshulansi ya mumzinda wa Hartford yomwe inkayendera maboyila. Boyila youma ili pamoto imafiira, ndipo madzi ozizira akaigwera imatha kung'aluka kapena kuphulika.

Pochotsa boyila yakale pamafunikanso kusamala. Mapaipi ambiri akale adakulungidwa ndi asbestos, yemwe fumbi lake limayambitsa khansa ndi matenda ena a m'mapapo, ndipo woyenera kumuchotsa ndi katswiri wovomerezeka. Chumuni chiyenera kuunikidwa, chifukwa chikatsekeka, mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo koma umapha, umabwerera m'nyumba.

Boyila ikaikidwa, ntchito siinathe. Mkati mwake mumakhala mafuta a kufakitale omwe amayandama pa madzi n'kusokoneza kawiridwe, choncho amayenera kuyengulidwa pang'onopang'ono kwa maola angapo. Timavalavu totulutsa mpweya m'mapaipi ndi m'marediyeta natonso timafunika kusintha, pakuti nthunzi singalowe pomwe mpweya sunatuluke.

Ena amasankha kusiyiratu nthunzi. Boyila ya nthunzi imagwiritsa bwino ntchito magawo 80 mpaka 85 pa 100 aliwonse a mphamvu ya mafuta, pomwe yamakono yozungulitsa madzi otentha imaposa 90. Ku New York, lamulo la Local Law 97 la mu 2019, lochepetsa utsi wochokera m'nyumba zikuluzikulu, likuchititsa eni ake kuganizira makina amagetsi otchedwa heat pump. Komabe kusintha kotere nthawi zambiri kumafuna kugumula makoma ndi kuika mapaipi ena, zomwe zimadya ndalama zambiri kuposa kugula boyila yokha.

Nthawi yabwino yogwirira ntchito yonseyi ndi miyezi yotentha, kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Boyila ikafa mu Januwale, madzi amatha kuundana n'kuphulitsa mapaipi, banja limagona m'majekete, ndipo mwini nyumba amangolandira boyila iliyonse yomwe ili pafupi popanda woyeza rediyeta ngakhale imodzi.