Kuikanso Windows m'Kompyuta Yanu

Ena a inu mwalemba kudandaula kuti poikanso Windows makina afunsa kiyi ya zilembo 25. Musathamangire kugula ina. Ngati Windows 10 kapena 11 inali yololedwa kale, laisensi yace inamangidwa ku motherboard. Lumphani funsolo, ndipo mukalumikiza intaneti idzatseguka yokha. Koma cenjerani posankha mtundu: munali ndi Home, ikaninso Home, pakuti laisensi ya Home siitsegula Pro, ngakhale dzinalo likoma m'makutu. Mtundu wochedwa Single Language ulola cinenero cimodzi cokha, cotero sankhani Cingerezi paciyambi pomwe. Musanayambe, sungani makalata ndi zithunzi zanu pa fulashi, popeza nchitoyi ikhoza kufafaniza zonse.